Munthu Amene Ankaopa Madzi

Panali munthu wina amene ankaopa madzi. Sankaopa kumira, pakuti kusambira anakudziwa akadali mwana. Ankawaopa chifukwa cha ntchito yake. Anali injiniya wa tizipangizo ting'onoting'ono toyendera magetsi, tija timakhala m'kati mwa wailesi, foni ndi kompyuta, ndipo ankaphunzitsa ntchitoyo pa yunivesite ina ya m'dziko lathu lino. Moyo wake wonse anaona madzi akupha zinthu. Anaona foni yogwera m'ndowa. Anaona wailesi yodyedwa ndi chinyontho cha m'dzinja, mawaya ake atabiriwira. Choncho ophunzira atsopano akalowa m'kalasi mwake, mawu ake oyamba ankakhala omwewo chaka ndi chaka: chinthu chikhale choyera, chikhale chouma, ndipo chidzakhalitsa.

Sankanama. Pa ntchito yakeyo mawuwo anali oona, ndipo ndi oona mpaka lero.

Mkazi wake ankaphunzitsa pa yunivesite yomweyo, koma iye anali wa kemisitiri, ndipo ntchito yake yonse inali ya m'madzi. Mwamunayo ankamuitana ndi dzina la mtundu wake, aNangozo. Mkaziyo ankamuti bambo a Lonje, potengera mwana wawo mmodzi yekhayo, koma akafuna kumuseka ankamuti a Injiniya.

Ndifotokoze pang'ono zimene mkaziyo ankafufuza, chifukwa popanda zimenezo fanizoli silingamveke. Dzimbiri mumalidziwa. Chitsulo chikakumana ndi mpweya wa okosijeni, ziwirizi zimagwirana, khasu n'kufiira, n'kumayoyoka. Kugwirana kumeneko n'kwachisawawa. Koma zilipo zitsulo zina, monga tangisiteni, chija ankapangira kawaya koyaka m'mababu akale, zimene zikasungunulidwa m'madzi a asidi zimagwirana ndi okosijeni mwadongosolo. Zimalukana zokha n'kukhala timadengu, tonse tofanana, tochepa kwambiri moti ngakhale maikulosikopu wamba sangaonetse kamodzi. Kadengu kotere kali ndi khalidwe lodabwitsa. Mukakapatsa kamphamvu ka magetsi, kamalandira n'kusunga, osasweka. Mukaifunanso mphamvuyo, kamabweza. Ndipo chinthu chimene chingasunge ndi kubweza chingathe kukumbukira. Kadengu kodzaza kangatanthauze inde, kopanda kanthu kangatanthauze ayi, ndipo zithunzi ndi mauthenga onse a m'mafoni mwanu ndi inde ndi ayi wochuluka basi. N'chifukwa chake anthu ofufuza a m'mayiko ambiri akhala akufuna kuti timadengu totere tidzagwire ntchito yosunga zinthu m'mafoni ndi m'makompyuta a mtsogolo.

Mkazi uja ankakhulupirira kuti angathe kuluka kadengu ka mtundu watsopano, kosunga mphamvu nthawi yaitali kuposa tina tonse todziwika. Mwamuna wake analonjeza kuti tsikulo likadzafika, iye adzayala timadenguto pakati pa timawaya tiwiri n'kupanga chipangizo choyamba. Anapangana zimenezi ali achinyamata, imvi zisanamere.

Koma kadengu kamodzi sikaoneka, ndipo dziko silikhulupirira chimene silinachione. Kuti maonekedwe ake adziwike, timadengu tambirimbiri tiyenera kusanjikizana m'mizere n'kupanga kambulu, kofanana ndi kambulu ka mchere. Kambuluko kamaikidwa m'makina amene amakawomba ndi kuwala kwa ekisileyi, ndipo makinawo amajambula mmene kadengu kalukidwira. Timibulu timeneti sitiumbidwa ndi manja. Timamera tokha, m'madzi mmene muli timadenguto, madziwo akamaphwa pang'onopang'ono. Ntchito ya munthu ndi kusakaniza, kuvundikira, kuika pamalo osagwedezeka, ndi kudikira.

Mkaziyo anadikira zaka zambiri. Labotale yake inali kachipinda kopapatiza kumapeto kwa khonde, ka zenera limodzi. Akuluakulu a yunivesite, amene galimoto zatsopano ndi misonkhano ya m'mahotela sizinkawasowa, ankamuuza kuti zogulira mankhwala ndi mabotolo palibe. Choncho iye ankatolera mabotolo a uchi ndi a jamu kwa anansi, n'kumawavundikira ndi pulasitiki woboola ndi singano, womanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Mankhwala anali osowa, ndipo sankataya kanthu. Botolo likalephera kumeretsa timibulu, madzi ake ankawakhuthulira m'botolo lalikulu la uchi limene linkakhala pakona. Chaka chino dontho la asidi, chaka chinacho kamchere kena: zotsalira za zolephera zake zonse zinkathera mmenemo. Madziwo anada. Anakhala obiriwira mofiirira ngati a m'chithaphwi, pansi pake pali matope, m'mbali mwa botolo muli zoyera zoumirira.

Mwamunayo akalowa m'kachipindamo ankaika manja kumbuyo kuti asakhudze kanthu.

"ANangozo," ankatero, "m'chithaphwi chanuchi mudzabadwa achule."

"Akadzabadwa ndidzakuitanani mudzawamangirire mawaya, a Injiniya."

Ankaseka, n'kupita limodzi kukamwa tiyi. Umu ndi mmene anakhalira. Anzawo amene anayamba nawo ntchito anakwezedwa, ena anapita kunja osabwereranso, ena anasiya kufufuza n'kukhala akuluakulu osainira mapepala. Awiriwa anatsala pakhonde lomwelo, wina kumapeto kouma, wina kumapeto konyowa.

Kenako matenda a shuga, amene mkaziyo anakhala nawo nthawi yaitali, anafika m'maso. Poyamba ankaona ngati m'chipinda muli utsi. Pambuyo pake ophunzira ake anayamba kuwazindikira ndi mawu. Zilembo za pa mabotolo ankazilemba zikuluzikulu ngati za ana a sitandade wani. Sanadandaule. Koma mwamuna wake anaona kuti pa maikulosikopu akukhalitsa, akusinthasintha maso, kenako akuwapukuta. Onse awiri anadziwa kuti nthawi yake ya m'kachipindamo yatsala pang'ono, ndipo onse awiri sanazitchule.

M'mawa wina m'nyengo yozizira, mkaziyo anabwera yekha mu ofesi ya mwamuna wake, akuyenda mogwira khoma.

"Bwerani mudzandionere. Masowa sindikuwakhulupirira."

Sanamutengere ku mabotolo ang'onoang'ono amene anawasakaniza mosamala. Anamutengera pakona, pa botolo lalikulu la zotsalira. Mwamunayo anawerama n'kuyang'ana molunjika kuwala kwa zenera.

"Mukuona chiyani?"

"Timiyala, pamwamba pa matope. Tachikasu. Tili ndi ngodya zakuthwa."

"Tikuwala?"

"Tikuwala."

"Tambiri?"

"Tochepa. Tingakwane pa chikhadabo."

Mkaziyo anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala pansi. Kenako anati, "M'chithaphwi muja, bambo a Lonje. Achule anu aja ndi amenewa."

Mkaziyo anavuula kambulu kamodzi, anakasungunula, n'kukapatsa kamphamvu ka magetsi. Timadengu totere tikalandira mphamvu timasanduka tabuluu, ndipo tikaitaya mtunduwo umazilala. Tonse timene anayesapo m'mbuyomo tinkazilala dzuwa lisanalowe. Iti tinakhala tabuluu. Sabata inatha, tikadali tabuluu, buluu wakuya amene ngakhale maso ake ofookawo ankamuona. Pamenepo anadziwa kuti wapeza chimene anachifunafuna moyo wake wonse. Chinatsala n'kuona mmene kadenguko kalukidwira, kuti akauze dziko, ndi kuti ena adzathe kukalukanso iye atasiya.

Makina ojambulira timibulu m'dziko lathu munalibe. Koma mkaziyo anali ndi mnzake wa kusukulu, mayi wina wa m'dziko lakutali, amene ankayang'anira makina otero. Anthu amadikira miyezi kuti apeze mpata pa makinawo. Mayiyo anasuntha ena n'kumupezera masiku ochepa.

Ulendo uli pafupi, dokotala wa maso anapeza kuti kansalu ka m'kati mwa diso lakumanzere kayamba kumatuka. Anati opaleshoni ichitike mwamsanga, apo ayi disolo lizima. Anatinso ikachitika, wodwala sayenera kukwera ndege, ndipo ayenera kugona chafufumimba usana ndi usiku kufikira kansaluko katamatirira. Mkaziyo anafuna kukana. Mwamuna wake anati, "Ndikupitirani ine. Manja ndili nawo, maso ndili nawo."

Opaleshoni itachitika, anamugoneka pa bedi la chipatala, mutu utatulukira kumapeto, chipumi chitatsamira pa pilo wopindidwa. Chimene ankaona ndi diso lotsalalo chinali simenti ndi mapazi a anthu. Ali chigonere choncho anamulangiza mwamuna wake.

"Timibulu tili momwe munationa. Mutenge kabotolo kakang'ono, mutitunge momwe tilili, mutseke zolimba. Basi. Musachite china."

"Ndamva."

"Bambo a Lonje, ndati musachite china."

"Kodi ine ndi mwana?"

"Mwana akanamva."

Za madzi sanatchule. Kwa iye kutchula zimenezo kukanakhala ngati kuuza munthu wonyamula nsomba yamoyo kuti asaiwale madzi. Aliyense wa ntchito yake amadziwa kuti timibulu totere timayenda m'madzi mmene tinamerera. Anaiwala kuti mwamuna wake si wa ntchito yake.

M'mawa mwake mwamunayo anatsegula kachipinda kaja yekha. Anatunga timibulu m'kabotolo monga anauzidwira, n'kukakwezera ku zenera. Tinali titamira m'madzi akuda, matope akuyandama. Anayang'ana nthawi yaitali.

Iye nayenso anaphunzirako kunja ali mnyamata. Ankakumbukira matebulo oyera a kumeneko, zovala zoyera, zitseko zotseka zokha. Ankakumbukiranso mmene anthu a kumeneko amayang'anira chinthu chochokera kwathu kuno: mwaulemu, akumwetulira pang'ono, atagamula kale. Kumwetulira kumeneko kunamutsata zaka zonse. Tsopano anadziona ataima pakati pawo, akutulutsa m'thumba kabotolo ka madzi a m'chithaphwi, kolembedwa dzina la mkazi wake.

Ananena mumtima mwake: mkazi wanga wadikira moyo wake wonse. Sangakaonekere kwa anthu atadzola matope.

Mvetsetsani kuti sanachite mwaulesi, ndiponso sanachite mwamwano. Zonse anazichita mosamala kuposa mmene anachitirapo chinthu china chilichonse. Anatenga pepala losefera n'kusefa madziwo. Anatsuka timibulu ndi sipiriti, kuti pasatsale kachitsotso. Anatiika mu uvuni, pa moto wochepa kwambiri, ataima pomwepo akuyang'anira. Anatisamutsira m'kabotolo katsopano kogula ndi iye mwini, n'kuikamo kapaketi koyamwa chinyontho, kaja mumakapeza m'bokosi la nsapato zatsopano. Analemba dzina la mkazi wake ndi zilembo zowongoka. Atakwezeranso kabotoloko ku zenera, timibulu tinanyezimira kuposa kale.

Kenako anatembenukira ku botolo lalikulu la pakona. Anaganiza kuti zabwino zake zachotsedwamo kale, zatsala zinyalala. Anaganizanso kuti mkazi wake adzabwera kuchokera kuchipatala ali wofooka, ndipo ndi bwino adzapeze malo aukhondo. Ananyamula botololo ndi manja awiri, anakhuthulira madzi onse musinki, n'kutsegula mpopi. Analikwecha ndi sopo mpaka zoyera zoumirira zija zitachoka. Analivundikira pa zenera kuti liume.

Anatseka chitseko ali wokondwa.

Atafika m'dziko lakutali lija, mnzake wa mkazi wake anamulandira bwino. Anali mayi wa imvi, wovala juzi yothothoka m'zigongono, ndipo tebulo lake linali lodzaza timabotolo ta madzi amitundumitundu, ena akuda kuposa a m'chithaphwi chija. Mwamunayo anationa timabotoloto, n'kugwira kabotolo kake m'thumba. Mayiyo anafunsa za diso la mnzake. Anafunsa za Lonje, amene anamuona ali khanda. Kenako anatambasula dzanja.

Ataona kapaketi koyamwa chinyontho m'kabotolomo, nkhope yake inasintha. Anakhuthulira timibulu pa kagalasi, anayang'ana pa maikulosikopu, n'kusuntha kuti mlendoyo aone yekha.

Sitinalinso tachikasu. Tinali titayera ngati choko, ming'alu paliponse. Ngodya zinalipo, koma mayiyo atakhudza kamodzi ndi nsonga ya singano, kanaphwasuka n'kukhala ufa. Anakhudza kachiwiri. Anakhudza kachitatu. Tonse chimodzimodzi.

Anamufotokozera mofatsa. Pakati pa kadengu ndi kadengu, m'kati mwa kambulu, mumakhala madzi, ndipo madziwo ndi amene amagwira mizere kuti iime. Akachoka, mizere imagwa. Kunja kambulu kamaoneka kathunthu kwa kanthawi, koma m'kati kagumuka kale. Makina aja amawerenga mizere. Ufa sangauwerenge.

Mayiyo sanamudzudzule. Anamupatsa tiyi, anamubwezera ufa wake m'kabotolo, n'kuimbira foni munthu amene anali wotsatira pa mzere kuti mpata wapezeka.

Masiku otsala a ulendowo mwamunayo anangoyendayenda m'misewu yozizira, dzanja lili m'thumba, litafumbata kabotolo. Lonje akaimba foni kuti amayi akufunsa, ankayankha kuti adzafotokoza akafika. Ndipo pobwerera, ali m'ndege, anakonza bodza. Akanati makina anawonongeka. Akanati apolisi a pa bwalo la ndege anatsegula kabotolo n'kutaya madzi. Zoterezi zimachitika, ndipo mkazi wake akanakhulupirira. Ndiponso munthu wogona chafufumimba saona nkhope ya amene akulankhula naye.

Anapita kuchipatala asanafike kunyumba, atavala suti ya paulendo. Lonje, amene ankadwazika amayi ake, atangoona nkhope ya bambo ake anatenga fulasiki n'kutuluka. Mwamunayo anaima chapakhomo.

"Ndi inu, bambo a Lonje? Nsapatozo ndazidziwa. Mwaimiranji kutali ngati mwabwera kudzanena maliro?"

"Mwadzuka bwanji, aNangozo?"

"Ndadzuka ndikuwerenga ming'alu ya simenti. Ndaidziwa yonse, ina ndaipatsa mayina. Musandizungulire. Kadengu kanga n'kooneka bwanji?"

Bodza linali pakamwa, lokonzeka. Analimeza. Ananena zimene anachita, mwadongosolo, monga mmene anazichitira: pepala losefera, sipiriti, uvuni, kapaketi koyamwa chinyontho, nsonga ya singano.

Mkaziyo anamvetsera osamudula.

"Uvuni," anatero pomaliza. "Munatiwotcha ngati masikono."

"Ndinatiwotcha."

"Ufawo uli kuti?"

"Ndili nawo m'thumba muno."

"Ndiye musadzizunze. Yagwa ndi mizere, timadengu tili momwemo. Tikauthira ufawo m'madzi ake aja, pakona paja, tidzameranso. Madziwo amatidziwa. Mnzanga adzatipezera mpata wina chaka chamawa, ndipo ndidzapita ndekha, inu mudzatsale mukuweta mawaya anu."

Mwamunayo anatulutsa kabotolo ka ufa m'thumba n'kukabwezeranso.

"Bambo a Lonje?"

"Ndinataya."

"Munataya chiyani?"

"Madzi. Musinki. Botolo ndinatsuka."

Tsono dziwani kuti panalibe munthu padziko lapansi amene ankadziwa zimene zinali m'madzi amenewo. Ngakhale mwini wakeyo sankadziwa. Munali zotsalira za zaka zonse, zina zambiri, zina dontho limodzi, zina zimene zinasintha zitakhalitsa. China mwa izo, kapena zingapo pamodzi, ndi chimene chinachititsa timadengu kuima m'mizere. Anali atakonza zoti akachira adzawayeze madziwo pang'onopang'ono mpaka atachipeza.

Munthu wogona chafufumimba akalira, misozi siyenderera m'masaya. Imagwa molunjika. Mwamunayo anaona timadontho takuda tikuoneka pa simenti, kamodzikamodzi, pansi pa nkhope ya mkazi wake. Akanakonda kuti amukalipire. Akanakonda kuti amuthamangitse, odwala onse akumva.

"Sindikukuonani," anatero mkaziyo. "Sunthirani kuno."

Anasunthira pafupi.

"Ndikungoona mawondo. Gonani pansi apa, chagada, ndikuoneni nkhope."

"Ndavala suti."

"Ichapidwa. Kuchapa mumakutha."

Munthu wamkulu uja, amene ophunzira ankaimirira akamalowa m'kalasi, anagwada, anakhala pansi, n'kugona chagada pa simenti ya chipatala, mutu wake uli pansi pa mutu wa mkazi wake. Namwino wina anasuzumira pakhomo, anawaona, n'kupitirira. Mkaziyo anamuyang'ana ndi diso limodzi lotsegukalo. Msozi wina unagwera pa tayi.

"Mwaonda. Kumeneko sankakupatsani chakudya?"

"Ankandipatsa. Sichinkalowa."

"Botololo munatsuka ndi sopo?"

"Ndi sopo."

"Linayera?"

"Linayera kwambiri."

"Zaka zonsezi, a Injiniya, kapu imodzi kunyumba simunatsukepo. Mwakayambira pa botolo langa."

Anaseka, ngakhale kusekako kunkamupweteka m'diso. Mwamunayo ndi amene tsopano ankalira, misozi ikulowa m'makutu.

"Munachitiranji?" anafunsa mkaziyo, mawu atatsika.

"Ndinkafuna asakusekeni."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikulephera kukukwiyirani mokwanira. Ndiyesanso mawa." Anatsitsa dzanja n'kumupukuta kumaso ndi chala chachikulu. "Khalani pomwepo kaye. Ndatopa ndi simenti."

Diso lija linapulumuka, koma linangotsala ndi kuwala ndi mithunzi. Linzake linapitiriza kuzilala. Pa maikulosikopu mkaziyo sanayang'anenso. Anapuma ntchito, ndipo pasanathe mwezi akuluakulu anasandutsa kachipinda kake kukhala mosungira mipando yothyoka. Mwamuna wake anapuma chaka chotsatira. Mabotolo anawasamutsira kunyumba, m'kachipinda kosungiramo chimanga, mmene simugwedezeka.

Ufa uja akadali nawo, koma ukuchepa, pakuti kuyesa kulikonse kumadya kachigawo kake. Mkaziyo amanena zosakaniza atakhala pa mpando pakhomo, mwamunayo n'kumasakaniza. Waphunzira kuboola pulasitiki ndi singano. Waphunzira kuona fumbi pa botolo osalipukuta. Botolo likalephera, madzi ake amawakhuthulira m'botolo lalikulu, ndipo madziwo ayamba kuda, ngakhale kuda kwake si kuja. M'mawa uliwonse amawerama n'kuyang'ana molunjika kuwala.

"Mukuona chiyani?" amafunsa mkaziyo.

"Matope."

"Vundikirani. Musagwedeze."

Inu amene mukundimvera ndinu ophunzira, ndipo mwaphunzitsidwa bwino. Aliyense wa inu watenga lamulo limene lidzamusunge pa ntchito yake, ndipo lamulolo ndi loona. Koma si lamulo la chipinda chilichonse. Mudzapatsidwa anthu m'manja: ana, ophunzira, amuna ndi akazi anu, makolo okalamba. Mudzawapeza ali m'madzi amene simuwakonda, kalankhulidwe ka kwawo, achibale awo ovuta, zizolowezi zawo, mbiri ya zonse zimene analephera. Mudzafuna kuwasefa ndi kuwaumitsa asanaonekere kwa anthu amene inuyo mumawaopa. Mudzati ndi chikondi, ndipo simudzakhala mukunama. Musanatero, funsani manyaziwo ndi a yani. Ndipo chimene simudziwa ntchito yake musachikhuthule mwini wake atagona, osatha kukuletsani.

Mkazi uja anakhululuka tsiku lomwelo, pa simenti ya chipatala. Kukhululukako sikunabweze kanthu musinki. Mwamunayo ali ndi ngongole ya botolo limodzi la madzi akuda, ndipo mpaka lero sanabweze.